Kusintha ma seal a camshaft pakhomo pa injini ya VVT-i

Wa ku Mpondasi:
Akuluakulu, ndili ndi Toyota Progres ya 1999 ya injini ya 2JZ-GE, ndipo oyilo wayamba kuchucha kutsogolo kwa injini. Nditatsegula chivundikiro chapamwamba cha timing belt ndinapeza kuti kuseri kwa mapule a camshaft kwanyowa, choncho ndikuganiza kuti ma seal atha. Mabuleki ndi mapulagi ndimasintha ndekha, koma pule ya VVT-i, yomwe imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, sindinaigwirepo. Kodi ingachotsedwe ndi masipanala wamba popanda kusokoneza timing, kapena ndipite nayo galimotoyi ku Blantyre?

Makaniko wa pa boma:
Achimwene, ntchitoyi imatheka pakhomo, koma dziwani kuti pa 2JZ-GE ya VVT-i mapisitoni amatha kugunda mavalavu ngati camshaft, yomwe imatsegula mavalavuwo, yazungulira yokha lamba wa timing atachotsedwa. Pa chifukwa chimenechi, mukaika silinda yoyamba pa TDC, pamene pisitoni yake yafika pamwamba penipeni, n'kuona kuti zizindikiro za pa mapule zagwirizana, bwezani crankshaft m'mbuyo ndi madigiri pafupifupi 60, kufika pa chizindikiro chachiwiri cha pa pule yapansi ya crankshaft, kuti mapisitoni onse atsike pang'ono. Mukatero mungachotse tensioner, yomwe imakunga lamba, ndi kuvula lambayo, mutamulemba choko poyamba.

Chotsaninso zivundikiro za mavalavu, chifukwa pa camshaft pali malo a ngodya zisanu ndi imodzi ogwirapo ndi sipanala, ndipo ndi pokhapo poyenera kugwira pomasula pule. Pule ya exhaust ndi yosavuta. Ya intake, yomwe ndi ya VVT-i, ili ndi chotsekera pakati chofuna Allen key ya 14 mm, ndipo mkati mwake muli bawuti yofuna Allen key ya 10 mm yomwe imagwira puleyo; yalani sanza pansi pake popeza mumatuluka oyilo. Mabawuti asanu amene ali pankhope pa puleyo musawakhudze ngakhale pang'ono. Iwowo amagwira magiya a mkati, ndipo ambiri amene amati galimoto yawo yafooka kapena ikulira ngati chigayo atasintha ma seal amakhala kuti anamasula amenewa poganiza kuti ndiwo njira yochotsera pule.

Seal yakale itulutseni mosamala kuti musakande camshaft, chifukwa pokandika pamadontha ngakhale seal ikhale yatsopano. Yatsopanoyo ipakeni girizi pang'ono pamlomo wake, kenaka muilowetse molunjika ndi soketi yaikulu kapena chidutswa cha paipi cha muyeso wake, mpaka ifanane ndi m'mphepete mwa hedi. Pobwezeretsa pule onetsetsani kuti kapini ka pa camshaft kalowa m'bowo lake musanamange. Bawuti imafuna 81 Nm, chotsekera 15 Nm, ndipo ngati mulibe torque wrench, sipanala yoyezera kulimba kumeneku, ndi bwino kubwereka kusiyana n'kuyesa ndi dzanja.

Wa ku Monkey Bay:
Zimene anena a makaniko ndi zoona, koma bambo, musanagule kanthu tsimikizani kaye kumene oyilo akuchokera. Pa injini zimenezi gasketi ya chivundikiro cha mavalavu ikauma, oyilo amatsikira pamalo omwewo n'kuoneka ngati seal. Pule ya VVT-i nayonso ili ndi mphira yakeyake mkati, ndipo ikatha oyilo amamwazika kuzungulira chivundikiro chonse, pamene seal ikatha amangoyenderera chotsika kuseri kwa pule. Tsukani malo onsewo, muyende nayo mpaka ku Ulongwe n'kubwerako, ndipo mudzaona pamene payamba kunyowa. Yang'ananinso vavu ya PCV, yomwe imatulutsa mpweya wa m'kati mwa injini: ikatsekeka mpweya umachuluka m'injini n'kukankha oyilo pa seal iliyonse. Kutentha kwathu kuno kumaumitsa mphira msanga, ndiye ine sindingaike seal yosadziwika kochokera pamalo ovuta kufikapo chonchi.

Wa ku Mpondasi:
Zikomo kwambiri nonse. Lamba akuonekabe wabwino, ngakhale kuti wanyowa mbali imodzi. Kodi ndingangomupukuta n'kumubwezeretsa, popeza ndamva kuti bawuti ya pule yapansi ndi yolimba kwambiri?

Makaniko wa pa boma:
Ayi achimwene, lamba amene wamwa oyilo sapukutidwa, chifukwa mphira yake imafewa ndipo mano ake amatha kuthothoka mukukwera mtunda wa ku Chowe popita ku Namwera, zomwe pa injini imeneyi zimathera pa mavalavu opindika. Ndiponso lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo ngati simukudziwa pamene anaikidwa, nthawi yake ndi ino. Bawuti yapansiyo ndi yolimbadi, imamangidwa pafupifupi 330 Nm, choncho mufunika chogwirira pule ndi chitsulo chachitali. Ngati mulibe, gawo limenelo lokha ndilo lofunika galaja, ndipo seal ya crankshaft isinthidwe nthawi yomweyo. Tensioner ipanikizeni pang'onopang'ono pa vaisi, muitsekere ndi kapini, ndipo kapiniko muchotse pokhapokha lamba atakhala pamalo pake. Pomaliza zungulizani injini ndi dzanja kawiri kathunthu, mapulagi atachotsedwa, ndipo ikalimba penapake imani, musakakamize. Zizindikiro zonse zitatu, ziwiri za mapule a camshaft ndi cha pule yapansi, zikabwerera pamalo ake, pamenepo mungalize injini.