Za ulendo wa pa njinga wopita kunyanja uja, ndabwerako

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati munthu angapalase njinga mwaphee kuchokera ku Botanic Garden kuno ku Mzuzu mpaka kukaponda mchenga wa kunyanja. Ambiri munandiseka, ati Mzuzu ilibe gombe, ndipite ku Nkhata Bay. Loweruka ndinapitadi.

Ndinanyamuka mbandakucha, chifunga chili tolo, zala zitauma ndi kuzizira. M'tauni munali bwinobwino, ndinkangolonjerana ndi anyamata a Sacramento, akabaza a njinga aja, odikirira makasitomala. Kenako ndinalowa mumsewu wa M5.

Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 50, koma nkhani yagona pa kutsetsereka. Mzuzu ili pamwamba mamita oposa 1,200, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye mukhoza kuona nokha. Mabuleki ndinawafinya mpaka rimu inatentha, nditaikhudza ndinachita kulumpha. Amene munandiuza kuti ndisinthe mabuleki ndisananyamuke, Mulungu akudalitseni. Koma musaganize kuti ndi kutsetsereka kokhakokha ayi, zitunda zina ndinatsika n'kumaikankha njinga, thukuta lili kamukamu.

Pa Mpamba ndinapuma. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Bambo, minibasi zatha kodi?"

Ku gombe la Chikale ku Nkhata Bay ndinafika dzuwa litakwera, ndinavula nsapato n'kulowetsa mapazi m'madzi, kenako kondowole wa nsomba ya batala yowotcha. Pobwerera sindinayerekeze n'komwe. Njinga inakwera minibasi, kondakitala n'kundilipiritsa ngati ndi munthu wachiwiri.