Ngoma yovulala yalowa m'tchire, galu akutaya fungo

Wa ku Lephalale, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mlendo wathu wodzasaka nyama pafamu pano wawombera ngoma yamphongo madzulo ano, yathawira m'mitengo ya tsanya. Magazi ndi ochepa, akuda, ndipo pamasamba pali zobiriwira zonunkha. Kagalu kanga ka Jack Russell kanatsata bwino, koma pamene ngomayo inadutsana ndi gulu la zinzake kanangotembenukira gululo. Abwana akuti tipite usiku uno ndi matochi.

Wa ku Musina: Achimwene, zobiriwirazo ndi za m'mimba. Chipolopolo chapita kumbuyo. Chikanakhala cha m'mapapo mukanaona magazi ofiira owala a thovu, nyamayo ikanagwa pafupi. Ya m'mimba ikasiyidwa imakagona pamthunzi osapita kutali, n'kufooka. Mukaidzutsa usiku uno idzathamanga mpaka mpanda wa famu ina, ndipo ngoma mpanda siiopa. Dikirani kuche.

Wa ku Thabazimbi: Kudikira ndikuvomereza, koma afisi ndi ankhandwe aliko kwanuko? Mlendo akakhetsa magazi amalipira ndithu nyamayo, ndiye safuna kukapeza mafupa okhaokha. Abwana akuganiza zimenezo.

Wa ku Musina: Nyanga fisi sadya, madala. Bola kutaya ntchafu kusiyana n'kutaya ngoma yonse.

Wa ku Hoedspruit: Ine nkhawa yanga ndi galuyo. Munamumasula, eti? Galu wachichepere akamasulidwa amasankha fungo latsopano lokoma, la nyama zamoyo. Mmawa mumangeni chingwe chachitali, cha mamita 10, muyambirenso pamalo enieni pomwe inawomberedwa, osati pomwe anasokonekera. Anthu onse akhale kumbuyo kwanu. Nsapato zikaponda magazi zimawamwaza, galu n'kumatsata mapazi a anzanu. Paliponse mwaona dontho mangani kapepala ka kuchimbudzi pamtengo. Galu akapatuka musamukalipire, mubwezereni mwakachetechete padontho lomaliza. Mupite kusanatenthe, nthaka ikadali ndi chinyezi, chifukwa dzuwa la Limpopo likakwera fungo limauma. Madzi a galu musaiwale. Ku Germany, kumene kunachokera agalu a Bavarian Mountain Hound, amaphunzitsa agalu pomangirira ziboda za nyama imodzi ku nsapato, magazi pang'ono chabe, kuti galu azolowere kutsata nyama imodziyo. Sungani ziboda za ngomayi mufiriji, zikuthandizani.

Wa ku Thabazimbi: Ndipo mfuti ikhale ndi PH, mlenje waukatswiri woperekeza mlendo, kutsogolo. Ngoma ndi yofatsa, koma tsiku lina idzakhala mbawala yamphongo. Imeneyo ikavulala imabisala n'kubaya galu.

Wa ku Lephalale: Zikomo akuluakulu, abwana anavomera kudikira. Tayipeza mmawa uno m'khwawa, kufupi ndi dziwe, itafa kale. Ankhandwe anayamba kumbuyo pang'ono. Kagalu kanapatukanso pamalo omwe aja, ndinakabwezera, kenako kanakoka chingwe mpaka kukafika. Bambo a ku Hoedspruit, zibodazo mumamangirira bwanji ku nsapato?

Wa ku Hoedspruit: Waya ndi gambutsi yakale basi. Nditumiza chithunzi ndikaweruka.