Hatchi ikutuluka mafinya ikakweredwa, tiithirenso mankhwala?

Wa ku Senga Bay: Akuluakulu, thandizeni. Hatchi yaikazi ya zaka 14 yakweredwa katatu koma bere osagwira. Pakapita masiku awiri imatuluka mafinya oyera, mchira wonse nyatanyata. Penstrep, mankhwala opha mabakiteriya, yathiridwa kale kawiri m'chiberekero. Tisinthe mankhwala?

Mlangizi wa ziweto: Achimwene, yambani mwaima kaye. Chiberekero cha hatchi chimatupa pang'ono ikangokweredwa, ndipo yathanzi imadziyeretsa yokha m'maola 24 mpaka 48. Zina zokalamba zimalephera, madzi amangodikha m'katimo. Maantibayotiki othira pa mafinya sagwira bwino ntchito. Dokotala wa ziweto atsukemo ndi madzi a diripi, lita imodzi kapena awiri, kubwereza mpaka otuluka ayere, ndiye abaye jakisoni wa oxytocin mayuniti 10 mpaka 20 kuti chiberekero chifinye zotsalira. Asatsuke maola 4 asanakwane chikweredwereni, angataye umuna. Asachedwenso, poti kamluza kamafika m'chiberekero tsiku la 6 dzira likatuluka, ndipo kakapeza muli uve kamafa.

Wa ku Chipoka: Pa mankhwalapo ndiwonjezere. M'chiberekero chathanzi mumakhala kale mabakiteriya, si kuti mumakhala mopanda kanthu. Mukamathira mankhwala mobwerezabwereza mumapha ndi osalakwa omwe, malo n'kutsalira mabakiteriya a Pseudomonas, Klebsiella kapena mafangasi a Candida, amene ndi ovuta kuchiza kuposa Streptococcus zooepidemicus yemwe amayambitsa matendawa kawirikawiri. Chonde, dokotala atenge swabu (kathonje kopaka m'chiberekero kuti kakayezedwe) hatchi ikamafuna yamphongo, khomo la chiberekero lili lotseguka. Aiike m'kabokosi kozizira ipite ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe tsiku lomwelo, kutentha kwathu kuno sikuchedwa kuiwononga. Zotsatira n'zimene zisankhe mankhwala, ndipo athiridwe masiku 3 mpaka 5 basi. Mankhwala a Gentamicin amaotcha m'chiberekero ngati sanasakanizidwe ndi sodium bicarbonate. Mankhwala a Enrofloxacin asalowe m'chiberekero n'komwe, amasiya zilonda.

Wa ku Senga Bay: Zikomo kwambiri. Nanga zikadzabwereranso?

Mlangizi wa ziweto: Kwezani mchira muone. Ngati kotulukira ndowe kwalowa m'kati, milomo ya njira yoberekera n'kupendekeka, ndowe ndi mpweya zikulowa tsiku lililonse, mankhwala sangathetse. Dokotala asoke mbali ya m'mwamba, opaleshoni yotchedwa Caslick. Lembani penapake kuti yasokedwa, aimasule kutatsala milungu iwiri kuti iswe, apo ayi idzang'ambika.