Abusa asamukira ku Lilongwe, magulu a ophunzira akuzilala: tigwire pati?

Mlembi wa utumiki, Chitakale

Moni abusa ndi atsogoleri anzanga. Ndikulemba mothamanga chifukwa komiti ikumana Loweruka lino ndipo ine ndilibe choti ndikanene. Abusa amene adayambitsa utumiki wathu wophunzitsa ophunzira a Yesu adasamukira ku Lilongwe mu Disembala atatsogolera zaka 11, ndipo udindo adausiya m'manja mwa m'bale wachinyamata amene iwo eni adamusankha. Tidawatsanzika bwino, wolowa m'malo tidamusanjika manja, koma lero pa magulu 14 amene tidali nawo kuchokera ku Chitakale mpaka ku Limbuli, asanu okha ndi amene akukumana sabata ndi sabata. Kaundula wa ophunzira palibe popeza abusawo ankadziwa aliyense pamtima, zopereka zikulowabe pa nambala yawo ya Airtel Money, ndipo atsogoleri a magulu akakhala ndi nkhani amaimbira foni ku Lilongwe, kumulambalala mtsogoleri watsopanoyo. Inu amene mudadutsamo m'zoterezi, mudayambira pati?

Msungichuma, Luchenza

Alembi, yambirani pa ndalama. Komiti ilembe maminitsi osintha osainira, mutenge kalata ndi ziphaso za unzika za osainira atsopano kupita nazo kubanki, ndipo nambala yolandirira zopereka isakhalenso m'dzina la munthu amene adachoka. Sindikunena kuti abusawo ndi osakhulupirika, koma tsiku limene wina adzafunse kuti chopereka cha Januwale chidapita kuti, amene adzasowe choyankha ndi mnyamatayo.

Mayi busa, Bvumbwe

Ndikugwirizana ndi asungichuma, koma ndikupempha kuti tisaweruze utumiki m'mwezi wa Febuluwale. Inu nomwe mukudziwa kuti ino ndi nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo ambiri mwa ophunzira anu a ku Limbuli amaweruka kothyola dzuwa litapendeka, atanyowa ndi mvula, pamene ena ali pa ganyu chifukwa m'nkhokwe mulibe kanthu. Kwathu kuno magulu amachepa chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Epulo ngakhale mtsogoleri asanasinthe. Kale abusa anu mwina ankadziwa zimenezi n'kumasunthira misonkhano Lamulungu masana osauza munthu, ndipo nzeru zoterezi ndi zimene sizilembedwa pa pepala lopatsirana udindo. Musanayambe kumuloza chala mnyamatayo, afunseni atsogoleri a magulu asanu ndi anayi amene aimawo kuti chaka chatha nthawi ngati ino ankakumana liti.

Abusa opuma, Thyolo boma

Mwana wanga mlembi, ine vuto limeneli ndidalichititsapo ndekha, choncho ndilankhula ngati wolakwa. Nditachoka pa mpingo wina umene ndidautumikira nthawi yaitali, akhristu ankanditsatira ndi nkhani za maukwati, za maliro ndi za milandu, ndipo ine ndinkayankha ndikuganiza kuti ndi chikondi. Patatha chaka wolowa m'malo mwanga adandiuza mwaulemu kuti nkhani iliyonse imamufika itagamulidwa kale, ndipo ndidachita manyazi. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ngakhale winayo akulirira pa foni. Komabe chenjerani, musawachotse abusawo pa gulu la WhatsApp mwadzidzidzi, chifukwa anthu adzati mwathamangitsa tate wawo wauzimu ndipo ngakhale magulu asanu otsalawo adzabalalika. Munthu wamsinkhu wawo awaimbire, ndipo iwo eni alembe uthenga wouza atsogoleri a magulu kuti kuyambira tsopano nkhani zonse zipite kwa wolowa m'malo. Pa Numeri 27 Mose adamuimika Yoswa pamaso pa Eleazara wansembe ndi khamu lonse, osati kuseri, ndipo mawu otula udindo amamveka akachokera pakamwa pa wotulayo.

Msungichuma, Luchenza

Abusa, mawu anu ndawamva, koma uthenga wa pa WhatsApp susintha osainira kubanki. Ngati ndalama zikudzerabe kwa iwo, anthu adzapitirizabe kuwaona ngati mwini utumiki.

Mphunzitsi wa Baibulo, Makwasa

Ine chimene chandidetsa nkhawa mu uthenga wa alembi si nambala ya foni koma mawu akuti abusa ankadziwa aliyense pamtima. Ngati zidali choncho, ndiye kuti atsogoleri 14 aja ankangosonkhanitsa anthu, ndipo wophunzitsa weniweni adali mmodzi. Pa 2 Timoteo 2:2 pali mibadwo inayi: Paulo, Timoteo, anthu okhulupirika, ndi ena amene okhulupirikawo adzawaphunzitse. Ambiri a ife timaima pa mbadwo wachiwiri chifukwa zimakoma kukhala wofunika. Funso loyenera kukafunsa Loweruka ndi lakuti, mwa atsogoleri a maguluwo ndi angati amene adatengapo munthu mmodzi kuchokera pa kutembenuka mpaka iye atayamba kuphunzitsa wina? Ngati ndi atatu, muli ndi atsogoleri atatu, ndipo kuli bwino kuphatikiza magulu kuti akhale ochepa koma amoyo kusiyana ndi kusunga mayina 14 pofuna kukometsa lipoti.

Ndipo musaganize kuti ntchito ikaima ndiye kuti yafa. Kuno ku Malamulo mishoni idayamba mu 1902, ndipo amene adaiyamba sadakhalitse, koma idapitirira chifukwa cha aphunzitsi a kuno komwe amene ankapita kumidzi kukatsegula masukulu. Ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mpingo wa Providence Industrial Mission (PIM) udatsekedwa John Chilembwe ataphedwa mu 1915, ndipo amene adadzautsegulanso mu 1926 adali Dr Daniel Malikebu, yemwe adaphunzirapo pa mishoni yomweyo ali mnyamata.

Mtsogoleri wa achinyamata, Muloza

Makolo anga, ndiloleni ndimuyankhulireko m'bale watsopanoyo, chifukwa sakuoneka kuti ali pa gulu lino. Mphepo yamkuntho ya Freddy itadutsa mu Malichi 2023, ife magulu athu adasokonekera pafupifupi miyezi inayi popeza anthu adali m'misasa ndipo milatho idali itakokoloka. Chimene chidatithandiza kuyambiranso chidali kabuku kamene mayi wina ankalembamo dzina la wophunzira aliyense, mudzi wake ndi phunziro limene adalekezera. Popanda kabuku kotero, mnyamatayo mwamupatsa khasu lopanda mpini. Chenjezo langa ndi lakuti asayende yekha m'magulu kukalemba mayina, chifukwa ku dera lathu lino mlendo wolemba mayina amamuyesa wa chithandizo cha ufa, ndipo mudzapeza kaundula wa anthu amene sadafikepo pa phunziro n'limodzi lomwe.

Mayi busa, Bvumbwe

Zimenezo n'zoona. Aperekezedwe ndi mayi wachikulire wa m'komiti, makamaka akamakacheza m'magulu a amayi, kuti pasabuke mphekesera zimene zingamugwetse asanayambe n'komwe.

Msungichuma, Luchenza

Ndikubwerezanso, abale anga, chifukwa ndikuona kuti mfundo yanga ikukwiriridwa. Ulendo wa ku Limbuli umene mukuukonzawo ufuna mafuta a njinga yamoto, ndipo ndalama ya mafutayo ili pa foni imene ili ku Lilongwe. Alembi, kodi malamulo a utumiki wanu akuti osainira akhale angati, nanga njinga yamotoyo idalembetsedwa m'dzina la yani?

Abusa opuma, Thyolo boma

Za njinga yamotoyo musakaziyambitse Loweruka pamaso pa komiti yonse musanadziwe ngati idali mphatso ya abusa kapena katundu wa utumiki. Ndidaonapo mpingo utagawanika pakati chifukwa cha njinga yakapalasa imene wopereka adamwalira asananene kuti adapatsa yani.