Ngongole ya mashini a vending isanafike tsiku logawana

Wapampando: Abale, tatsala ndi masabata atatu kuti tigawane ndalama za gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama kuno ku South Africa. Achimwene a ku Germiston adakali ndi R14,000 ya gulu pa R24,000 imene anatenga mu Ogasiti. Akupempha kuti titenge mashini awo a vending, aja ogulitsa okha zakudya munthu akalipira, m'malo mwa ndalama. Tiyankhulepo.

Achimwene a ku Germiston: Ngongole sindikukana ayi. Mashini ali pafakitale, akugwira ntchito, amalowetsa R6,000 pamwezi. Ndinagula R20,000, ndiye gulu silikuluza kanthu.

Msungichuma: R6,000 imeneyo si phindu, achimwene. Katundu wooda ku Makro kapena ku Crown Mines amadya pafupifupi R3,600. Mwini malo amatenga 10 peresenti, R600. Kachipangizo kolipirira ndi khadi R300, thiransipoti R400. Yotsala ndi R1,100. Chiwongoladzanja chathu pa R14,000 ndi R1,400 pamwezi. Ndiye kuti mashiniwo akulephera kulipira ngakhale chiwongoladzanja chokha.

Mayi a ku Mayfair: Komanso mafakitale ambiri amatseka pakati pa Disembala mpaka Januwale. Adzagule ndani? Ma Simba ndi ma NikNaks adzangotha masiku ali m'katimo, ndipo mukazimitsa firiji chokoleti chisungunuka ndi kutentha kwa nyengo ino. Ife tikufuna ndalama zotumiza kumudzi za feteleza, osati chitsulo.

Abambo a ku Turffontein: Mtengo wa mashini akale sutengera zimene munthu anagulira. Choyamba onani kolowetsera makobidi. Mu 2023 Reserve Bank ya kuno inatulutsa makobidi ndi ndalama zapepala zatsopano, ndipo mashini amene sanakonzedwenso amatha kulavula R5 yatsopano, kasitomala nkuchoka. Chachiwiri kompuresa, chipangizo choziziritsa firiji ya m'mashinimo. Magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa load shedding (kuthima kwa magetsi kosinthanasinthana) imapsa ngati palibe kachipangizo koiteteza kotchedwa surge protector, ndipo kusintha kompuresa ndi gasi wake kungadye phindu la miyezi ingapo. Kenako yesani masipiringi onse okankha mapaketi, limodzilimodzi. Mota ikafooka paketi imakodwa pagalasi, munthu walipira koma sanalandire, ayamba kugwedeza mashini mpaka loko kuwonongeka. Koma funso lalikulu ndi ili: pangano la malo lili m'dzina la ndani? Mashini opanda malo abwino sagulitsa, ndipo kuwasamutsa kumafuna galimoto ya bakkie ndi amuna anayi.

Achimwene a ku Germiston: Pangano ndi lapakamwa, ine ndi abwana a pafakitalepo. Makobidi atsopano amalandira bwinobwino. Cholinga changa nkuwonjezera mashini kuti ndisiye ganyu, ndizidya zomwezi.

Msungichuma: Pa R1,100 mashini amodzi, kuti mupeze R8,000 pamwezi mufunika mashini 8, onse pamsewu umodzi kuti mafuta asakudyeni, ndi ndalama yapadera yokonzetsera. Zimatheka, koma osati ndi ngongole ya 10 peresenti pamwezi. Ndipo pangano lapakamwa silingasamukire ku gulu.

Achemwali a ku Rosettenville: Tisawapanikize ngati akuba. Abweza kale R10,000 ndi chiwongoladzanja chake osaphonya. Masheya awo ndi angati, alembi?

Mlembi: R8,500. Lamulo lathu likuti ngongole yotsala pa tsiku logawana imadulidwa ku masheya, ndipo palibe pamene likulola katundu m'malo mwa ndalama. Tikadula, itsala R5,500.

Mayi a ku Mayfair: R5,500 imeneyo ichepetsa gawo la aliyense. Aipeze tisanagawane.

Achimwene a ku Germiston: R3,000 ndikwanitsa pa 10 Disembala bonasi ikatuluka. Yotsalayo ndipatseni mpaka Febuluwale fakitale itatsegula.

Wapampando: Tamvana chonchi: mashini gulu silitenga. Masheya R8,500 adulidwa, R3,000 ilowe pa 10 Disembala. R2,500 yotsala tiitsekera ku thumba ladzidzidzi, iwo adzabweze kumeneko pofika 28 Febuluwale ndi chiwongoladzanja. Mpaka tsikulo kiyi wa bokosi la makobidi akhala ndi amsungichuma, ndipo Lachisanu lililonse achimwene azitumiza muno chithunzi cha mita yowerengera malonda. Amene sakugwirizana nazo alembe isanakwane 8 koloko usiku uno.