Kodi nthambi ya upstream ichokere ku tarball kapena ku git ya eni pulogalamu?

Mlonda:
Ndikukonza phukusi la Debian la laibulale ina yomwe eni ake amaika mu tarball (fayilo imodzi yomwe amalongedzamo pulogalamu yonse) mafayilo a JavaScript ofinyidwa opanda source yake, komanso buku la PDF lomwe laisensi yake silola kuti munthu alisinthe. Ndikudziwa kuti zonsezi sizigwirizana ndi DFSG (mfundo za Debian zokhudza mapulogalamu aufulu) ndipo ziyenera kuchotsedwa. Chomwe chikundizunguza mutu ndi nthambi ya upstream, nthambi ya git yomwe imasunga source ya eni ake. Kodi ndiitenge ku git ya eni ake pamodzi ndi mbiri yake yonse, kapena ndizingolowetsa tarball yoyeretsedwa nthawi iliyonse akatulutsa version yatsopano?

Kachere:
A Mlonda, choyamba musachotse fayilo iliyonse pamanja, chifukwa wodzasamala phukusili inu mutalisiya sadzadziwa zomwe munachotsa ndi chifukwa chake. Lembani mayina a mafayilowo pa mzere wa Files-Excluded mu debian/copyright, ndipo mu debian/watch muikemo repacksuffix=+dfsg pamodzi ndi dversionmangle. Mukatero, lamulo la git-buildpackage loti gbp import-orig --uscan --pristine-tar lidzakoka tarball, kuiyeretsa, ndi kuilowetsa mu nthambi ya upstream, yomwe DEP-14 (chikalata cha Debian chokhudza mayina a nthambi za git) imalangiza kuitcha upstream/latest. Musanyozere pristine-tar: imasunga kafayilo kakang'ono komwe kamathandiza kupanganso tarball yofanana ndendende ndi yomwe inapita ku archive (nkhokwe ya mapulogalamu a Debian), ndipo archive imakana tarball ya dzina lomwelo ikasiyana ngakhale pang'ono.

Nthondo:
Ndikugwirizana ndi a Kachere pa kayeretsedwe, koma mbiri ya eni pulogalamu sindingaitaye. Vuto la chitetezo likapezeka, kukhala ndi commit zawo pafupi kumatheketsa kutenga chigamba chimodzi ndi git cherry-pick osadikira version yotsatira. Kumbukiraninso zomwe zinaululika mu Marichi 2024 pa pulogalamu yofinya mafayilo ya xz 5.6.0 ndi 5.6.1: fayilo ya build-to-host.m4 yomwe inkatsegula khomo lachinsinsi inali mu tarball mokha, mu git munalibe. Ndi chifukwa chake ndimawonjezera --upstream-vcs-tag polowetsa tarball, kuti tag ya eni ake ikhale kholo la commit yatsopanoyo, ndipo git diff imandionetsa poyera chilichonse chomwe chalowa mu tarball chosachokera mu git. Chenjezo langa ndi lakuti mafayilo omwe mwachotsa adzakhalabe m'mbiri, ndipo mukakankhira ku Salsa (seva ya git ya Debian) ndiye kuti mukuwagawa.

Mlonda:
Zikomo nonse. Laisensi ya bukulo imalola kugawa, chomwe imaletsa ndi kusintha kokha.

Kachere:
Ngati zili choncho, njira ya a Nthondo ikuyenerani, popeza chomwe chiyenera kukhala choyera ndi source package yopita ku main, gawo la archive lomwe limalandira zogwirizana ndi DFSG zokha. Fayiloyo ikanakhala yoletsedwa kugawa, ndikanati mbiriyo isakhudze Salsa n'komwe, muzingoisunga pa kompyuta yanu ngati remote yapadera. Dzina likhale +dfsg chifukwa nkhani yake ndi ya laisensi. Pomwe +ds ndi ya pamene mwachotsa zinthu pa zifukwa zina, monga makope a malaibulale omwe Debian ili nawo kale. Zosintha zanu musazisakanize ndi nthambi ya upstream, zikhale mu debian/patches kudzera mu gbp pq, ndipo JavaScript munachotsayo muipangenso kuchokera ku source pomanga phukusi, kapena muloze ku phukusi la libjs loyenera.