Dzina la mphunzitsi m'buku la mbiri ya moyo: tilisiye kapena tilisinthe?

Mkonzi: Anzanga pantchito, ndithandizeni nzeru. Ndikukonza buku la mayi ena achikulire amene akusimba za ubwana wawo, ndipo tikufuna lifike kwa achinyamata a zaka 12 mpaka 16. Alilemba mogwira mtima kwabasi. Vuto lili pa mutu wachinayi. Akufotokoza za mphunzitsi amene ankawakwapula ndi rula mpaka zala kutupa, ndipo amutchula dzina lake lenileni, sukulu ndi chaka chomwe. Munthuyo akadali moyo. Abwana anga akuti tingolemba pachikuto kuti ndi nkhani yopeka, zithere pomwepo. Mayiwo akukanitsitsa, akuti zinawachitikira, sanapeke. Nditani?

Mlembi wa mabuku a ana: Musawakakamize mayiwo, achimwene. Komanso abwana anu adziwe kuti mawu oti "yopeka" pachikuto sakutetezani. Mlandu woipitsa mbiri ya munthu umayang'ana ngati owerenga angamuzindikire amene akunenedwayo. Dzina, sukulu, chaka, zonse zili poyera, ndiye chikuto chithandiza chiyani?

Womasulira: Sinthani dzina, buku likhalebe mbiri ya moyo. Si zachilendo ayi. Buku la Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene analemba za moyo wake akubisala pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, litatuluka mu 1947, anthu amene anabisala nawo anali ndi mayina ena: banja la van Pels linatchedwa van Daan, Fritz Pfeffer anakhala Albert Dussel. Mayinawo anasankha Anne yemwe, ndipo zimene analembazo zinakhalabe zoona. Koma dzina lokha silikwanira. Chotsaninso dzina la sukulu ndi chilichonse chomulozera munthuyo, kaya chipsera, kaya phunziro limene ankaphunzitsa ngati analipo yekha.

Mkonzi: Zikomo, apo ndamva. Nanga makambirano? Mayiwo alemba mawu a mphunzitsiyo ngati anawajambula pa tepi, pomwe iwo anali ndi zaka 9.

Mlembi wa mabuku a ana: Palibe amene amakumbukira liwu ndi liwu, ndipo owerenga amadziwa zimenezo. Ikani mawu ochepa koyambirira kwa buku: kuti mayina ena asinthidwa, ndi kuti makambirano alembedwa monga mmene wolemba akuwakumbukirira. Chosaloledwa n'kuwonjezera chinthu chimene sichinachitike. James Frey, wolemba wa ku America, analemba m'buku la mbiri ya moyo wake kuti anakhala m'ndende pafupifupi miyezi itatu, mu 2006 zinaululika kuti anangosungidwa maola ochepa, mpaka osindikiza anabweza ndalama kwa ena amene anagula bukulo. Khalani nawo pansi mayiwo, mupite nawo ndime ndi ndime: ichi munachiona nokha kapena munachimva kwa ena? Chimene anangomva, alembe kuti anamva.

Mphunzitsi woyang'anira laibulale: Ine nkhawa yanga ndi ina. Chonde musafewetse mutuwo poopa kuti ndi wa ana. Ana amene ndimawabwereka mabuku amazindikira msanga wamkulu akamawabisira. Chimene chimawatopetsa ndi ndime zimene wolemba amaimitsa nkhani n'kuyamba kulalikira za kuipa kwa chikwapu. Ngati zilimo, dulani zimenezo. Musiye kamtsikanako kakulephera kugwira pensulo, kakubisa dzanja m'thumba la yunifolomu kuti kunyumba asaone. Mwana wowerenga adzaweruza yekha.

Womasulira: Ndikuvomereza. Ndionjezepo kuti loya awerenge mutuwo buku lisanapite kosindikiza, osati litatuluka kale.

Mkonzi: Ndalankhula nawo mayiwo. Za dzina avomera, ndipo latsopanolo asankha okha. Pa sukulu anayamba akana kaye, koma atamva kuti aphunzitsi ena osalakwa a nthawi imeneyo akhoza kuganiziridwa, alola kuti tingoti "sukulu yathu". Ndime ziwiri za ulaliki zachoka, rula ndi pensulo zatsala. Mutuwo ndautumiza kwa loya, ndipo abwana agwirizana nazo kuti pachikuto pakhale mawu oti mbiri ya moyo.